Mutu 5: Mgodi wa Pamtunda

1. Khutu lotsala

Ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu, mlendo sasowa nyumba ya agogo Nowa. Angoima pamsewu n'kutchera khutu. Kumene kukumveka anthu akukuwa ngati ayambana, ndi komweko. Koma sayambana ayi, amakhala akungopatsana moni.

Agogo Nowa anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Chakari kuyambira ali mnyamata. Phokoso la makina obowola miyala linawadyera khutu lakumanzere lonse, lakumanja n'kutsala pang'ono chabe. Khutu lotsalalo ankalisamala kuposa njinga yawo, ndipo njingayo inkagona kuchipinda.

Mdzukulu wawo Mwaiwathu ankaphunzira Fomu 5 ku Kadoma. Anali mtsikana wamakani abwino, wosafuna kusiya chinthu pakati. Ku kalabu ya makompyuta ya pasukulu pawo, iye ndi mnzake Tendai anasankha kupanga kachipangizo kothandiza agogowo kumva.

Mtima wa kachipangizoko unali chipu cha mawu, chimene akatswiri amachitchula kuti DSP. Chipu chimenechi n'chaching'ono ngati chikhadabo. Chimalandira mawu, n'kuwasandutsa manambala, n'kuchulukitsa ndi kuphatikiza manambalawo mwaliwiro loopsa, kenaka n'kuwabwezanso ali mawu. Ukachilembera pulogalamu yabwino, chimakweza mawu a munthu n'kuchepetsa phokoso.

Vuto linali limodzi. Sukulu yonse inali ndi bolodi imodzi yokha, kathabwa ka timawaya kokhala ndi chipucho, ndipo magulu oifuna anali awiri. Gulu linalo linali la Kudzanai, mnyamata wa gitala, amene ankafuna kukometsera nyimbo za bandi yake.

Madamu Ratidzo, mphunzitsi woyang'anira kalabuyo, anagamula mwachidule. "Bolodi ikhala m'kabati mwanga. Nonse muziyesera pa emyuleta. Lachisanu la sabata ya mawa, gulu limene pulogalamu yake iyende bwino ndi limene lidzaitenge mpaka teremu ithe."

2. Mawu ofiira

Emyuleta ndi pulogalamu imene imachititsa kompyuta kusanzira makina ena. Laputopu imayerekeza kuti ndi chipu chija. Imamva chilankhulo cha chipucho, imatsata malamulo ake, n'kukuwonetsa zimene chipu chenicheni chikanachita.

Koma emyuleta sibadwa ikudziwa. Pamafunika munthu woiphunzitsa lamulo lililonse la chipu, limodzilimodzi, ndiponso kukula kwa timabokosi timene chipucho chimasungamo manambala. Emyuleta ya ku kalabu inalembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ndipo aliyense anali ndi ufulu woonjezeramo. Malamulo ambiri inkawadziwa, koma osati onse.

Madzulo ena, pulogalamu ya Mwaiwathu inaima pakati. Pagalasi panatuluka mawu ofiira onena kuti emyuleta yakumana ndi lamulo limene silidziwa. Linali lamulo lochulukitsa ndi kuphatikiza nthawi imodzi, lomwe pulogalamu yawo inkaligwiritsa ntchito paliponse.

"Basi, tagwa nayo," anatero Mwaiwathu atagwira m'mutu.

Tendai anaseka. Mnyamata ameneyu anali ndi nzeru zothamanga, koma zinkathamangira njira yachidule nthawi zonse. "Iwe shamwari, mnzanga, usalire. Kuchulukitsa ndi kuphatikiza laputopu imadziwa kale. Tingoiuza emyuleta kuti ikafika pa lamulo limeneli, izingochita masamu ake a laputopu."

"Nanga n'chimodzimodzi?"

"Thuu kuphatikiza thuu ndi folo, kaya ku Kadoma kaya ku Harare."

Tendai anagogoda mabatani kanthawi kochepa. Mawu ofiira anazimiririka, pagalasi n'kuoneka zobiriwira. Anaikamo mawu a Madamu Ratidzo amene anawajambula akuwerenga buku m'kalasi, ndipo mawuwo anatuluka okwera bwino, oyera ngati a pawailesi. Awiriwo anawombana m'manja.

Tsiku lomwelo Madamu anayankhula ndi kalabu yonse asanatseke chitseko. Sankadziwa zimene zinachitika, ankangopereka chenjezo lawo la masiku onse.

"Ana inu, emyuleta ndi mboni. Ntchito yake si kukusangalatsani, koma kunena zimene chipu chidzachite. Laputopu ili ndi mabokosi akuluakulu, nambala ikule bwanji imakwanamo. Chipu chili ndi timabokosi tating'ono. Nambala ikasefukira, chimachita ngati mita yowerenga makilomita m'kombi yakale, imene ikadzaza manaini imabwerera pansi. Emyuleta imene sidziwa zimenezi si mboni ayi, ndi mnzanu wokunamizani kuti mwatchena pamene malaya mwavala chagada."

Ana anaseka. Mwaiwathu anasekanso, koma kuseka kwake kunatha msanga.

3. Moni wa ku Pfupajena

Loweruka Mwaiwathu anakwera kombi yopita ku Chegutu. Ankafuna kujambula pa foni mawu a anthu a kunyumba kwa agogo, kuti aone mmene pulogalamu yawo idzawatulutsire.

Anapeza agogo ali pakhonde, akupopa njinga. Azakhali ake a Sabina, mlongo wa bambo ake, ndi amene ankasunga agogowo. Mayi amenewa anali ogulitsa tomato pamsika, ndipo mawu awo sankafuna chimkuzamawu.

Mwaiwathu anayatsa foni n'kutembenukira kwa azakhaliwo. "Tete, tayankhulani ndi agogo monga mwa masiku onse. Ndikujambula."

Azakhali anapukuta manja pa chitenje, anaweramira kukhutu lakumanja la agogo, n'kukoka mpweya.

"ABABA! MWAI WABWERA! MUDYA SADZA KAPENA MUYAMBA TIYI?"

Nkhuku zimene zinali pabwalo zinabalalika. Pa foni, kamzere koonetsa kukula kwa mawu kanadumpha mpaka kumapeto n'kukakamira komweko.

Posachedwa anadutsa bambo wina woyandikana nawo nyumba. "SEKURU, MASWERA SEI?" anakuwa ali kumpanda, kupereka moni m'Chishona. Anabwera mwana wogulitsa mazira, nayenso n'kukuwa. Ngakhale Mwaiwathu mwini wake anadzimva akukuwa pofunsa agogo za miyendo yawo.

Apa m'pamene anaima ndi foni m'manja, pakamwa pali yasa. Iye ndi Tendai ankayesera pulogalamu ndi mawu ofatsa a m'kalasi. Koma munthu wovutika kumva palibe amene amamuyankhula mofatsa. Aliyense wofika pafupi ndi agogo ankakuwa, ndipo ankakuwira m'khutu lomwelo limene kachipangizo kadzakhalemo.

4. Sukulu ya mgwala

"Iwe Mwai, chimakina changa chija chili pati?" anafunsa agogo atakhala pampando. "Ndauza kale anzanga onse kutchalitchi kuti mdzukulu wanga akundipangira khutu latsopano."

Mwaiwathu ankamva Chichewa bwinobwino, koma poyankha lilime linkathawira ku Chishona. Kwa agogo ankayesetsa. Anawafotokozera mokuwa kuti chipu chenicheni sanachigwire, akuyamba ayesera pa kompyuta yosanzira chipucho.

Agogo anamvetsera atapendeketsa mutu. Kenaka anawomba m'manja. "Oho! Mgodi wa pamtunda!"

"Chiyani, agogo?"

"Khala pansi. Ife polowa ntchito sankatitsitsa pansi tsiku loyamba, aikona. Panali mgodi woyerekeza umene anaumanga pamtunda, wa mitengo ndi simenti. M'menemo ndi mmene tinkaphunzirira Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi, kuyenda mumdima, ndi kugogoda denga ndi mgwala, chitsulo chachitali chija. Ankatiuza kuti mwala wolimba umalira kuti ngwee, wogwedera umalira mosiyana, ndipo ukaumva uthawe. Koma denga la sukuluyo linali simenti yokhayokha. Paliponse ukagogoda, ngwee. Tonse tinakhoza mayeso, tinavina, tinadya nyama.

"Ndinali ndi mnzanga dzina lake Simoni, wa kwathu ku Dedza, mnyamata wanthabwala. Titatsika pansi penipeni, anagogoda denga, linalira kuti phuphu, ngati dzungu. Simoni anatembenuka akuseka, akuti, 'Nowa, tamva mwala uwu ukuyankhula Chisena.' Ndani akanamuuza? Kulira kumeneko tinali tisanakumvepo. Wina anakuwa kuti basopa, chenjera, koma mwala unali utanyamuka kale. Unamupeza phazi. Simoni anakhala ndi moyo, anakwatira, anabala ana, koma mpira sanaumenyenso.

"Zitatero eni mgodi anabweretsa kapitawo wina, n'kutibweza tonse kusukulu. Ameneyo anapachika miyala yogwedera m'denga mwadala, n'kubisa. Ukaidutsa osaimva, ankakubweza. Tinkamuda munthu uja! Tinkati ndi wankhanza, akutichedwetsa kulandira mari, ndalama zathu. Koma taona, zala zanga ndi izi, zonse khumi. Mdzukulu wanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sukulu imene aliyense amakhoza, uiope."

Agogo anamwa tiyi, n'kumuyang'ana ndi maso oseka. "Nanga mumgodi wako wa pamtundawo, mwala wogwedera ulimo?"

Mwaiwathu anayang'ana khutu lakumanja la agogo. Linali laling'ono, lamakwinya, lokhala ndi tsitsi loyera m'mbali. Anachita mantha enieni.

"Mulibe, agogo," anayankha. Ananena motsitsa, ndipo agogo sanamve.

5. Kuphunzitsa mboni

Lolemba Mwaiwathu anapita kwa Madamu Ratidzo kukabwereka buku la chipu. Linali buku lonenepa, lachingerezi chouma, lofotokoza lamulo lililonse. Anapeza tsamba la lamulo lawo lija n'kuyamba kuliwerenga ndi chala.

Tendai atamuona anadandaula. "Hezvo! Chinthu chikuyenda kale, iwe ukufuna kuchidzutsira mavuto. Lachisanu ndi pafupi, Mwai."

"Chikuyenda pa laputopu. Agogo sadzavala laputopu kukhutu."

Bukulo linanena momveka. Pa lamulo limeneli chipu chimachulukitsa manambala awiri, n'kuphatikiza yankho ndi zimene zili kale m'kabokosi. Kabokosiko kakadzaza, pali njira ziwiri. Ngati wolemba pulogalamu anatchera loko wapadera, nambala imaima pamwamba osapitirira. Ngati sanatchere, nambala imagubuduka kuchoka pamwamba penipeni kufika pansi penipeni.

Ntchito ya Mwaiwathu inali kuphunzitsa emyuleta zonsezi. Anatenga kope lakelake la emyuleta n'kuchotsamo njira yachidule ya Tendai. Anapanga kabokosi kofanana kukula ndi ka m'chipu, n'kulemba njira ziwiri zija. Akalemba, ankayesa ndi zitsanzo za m'buku. Yankho likasiyana ndi la m'buku, ankafufuta n'kuyambanso.

Masiku amenewo anzake akamapita kukagula mafiriziti, timadzi tozizira ta m'mapepala, pa nthawi yopuma, iye ankatsala m'chipinda cha makompyuta. Magetsi anathima kawiri, ndipo tsiku lina anataya ntchito ya masana onse chifukwa anaiwala kusunga. Analira pang'ono, anapukuta maso, n'kuyambiranso.

Zitsanzo zonse zinagwirizana ndi buku Lachisanu masana, belu la kalabu litatsala pang'ono kulira. Mwaiwathu anaika mawu a Madamu mu emyuleta yatsopanoyo, ndipo anatuluka bwino. Kenaka anaika moni wa azakhali a Sabina.

Mwamwayi mahedifoni anali pa tebulo, osati kumutu. Anakhadzuka ndi phokoso ngati lata likung'ambika. Tendai, amene anali pafupi, anadumpha n'kugwetsa mpando.

"Chii ichocho? N'chiyani chimenecho?" anafunsa Tendai.

"Ndi pulogalamu yathu," anatero Mwaiwathu. "Loko uja sitinatchere paliponse."

Kukonza kunkafuna kuunikanso pulogalamu yonse, ndipo nthawi inali itatha. Tendai anatsitsa mawu. "Tamvera. Kope langa lija lilipo, limaonetsa zobiriwira. Tionetse limenelo, titenge bolodi, zinazo tidzakonza pambuyo. Tikaonetsa lakoli, bolodi yapita kwa Kudzanai. Agogo ako adikira mpaka teremu ya mawa."

Belu linalira.

6. Pamaso pa onse

Gulu la Kudzanai linayamba. Gitala inalowa mu emyuleta ili yowuma, inatuluka ili yonona, ndipo ana anavina ali pamipando. Madamu anagwedeza mutu mokhutira.

Itafika nthawi yawo, Mwaiwathu ananyamula laputopu kupita kutsogolo. Makope awiri aja anali pagalasi moyandikana. Tendai ankamulozera la kumanzere ndi nsidze. Mwaiwathu anatsegula la kumanja.

"Madamu, ndiyamba ndatsitsa sipika," anatero. "Amene ali ndi mtima wofooka atseke makutu."

Anayamba ndi mawu a m'kalasi, ndipo onse anawomba m'manja. Kenaka anati, "Awa ndi azakhali anga, akufunsa agogo za tiyi."

Ngakhale sipika inali yotsitsa, phokosolo linabaya mano. Mtsikana wina anabisala pansi pa desiki. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo wina kumbuyo anakuwa kuti azakhaliwo akalembedwe ntchito ya sayirini ku fakitale.

Mwaiwathu anadikira kuti chiseko chithe. Anafotokoza za lamulo limene emyuleta sinkalidziwa, za njira yachidule imene anayamba adutsamo, ndi za loko amene sanatchere. Sanatchule kuti nzeru yachiduleyo inali ya yani.

Madamu Ratidzo anatembenukira kwa Kudzanai. "Inu emyuleta sinakuimitseni ndi mawu ofiira?"

"Ayi, Madamu, ngakhale kamodzi," anayankha Kudzanai, ndipo ankanena zoona. Tendai anali akuyang'ana nsapato zake.

"Ndiye kuti pulogalamu yanu sigwiritsa lamulo limenelo. Chabwino. Pangano ndi pangano, bolodi ndi ya gulu la Kudzanai." Madamu anatsegula kabati n'kuipereka. Kenaka anayang'ana Mwaiwathu.

"Iwe walephera lero, ndipo sindikunyengerera. Koma ndikufuna nonse mumve. Phokoso limene mwasekali likanalira m'khutu la munthu wokalamba amene watsala ndi khutu limodzi. Bolodi ikapsa, sukulu ingagule ina. Khutu silipezeka m'sitolo, ngakhale ku Harare. Zimene Mwaiwathu waphunzitsa emyuleta tidzazitumiza kwa amene anailemba, kuti wina wa kutali asadzagwe m'dzenje lomweli."

Mawu anali abwino, koma mawu sanyamulika m'chikwama. Mwaiwathu anaona Kudzanai akukulunga bolodi m'juzi yake, ndipo mtima unamuwawa kwambiri.

7. Mawu apansipansi

Sabata yotsatira anaunika pulogalamu yonse. Anatchera loko paliponse, n'kuikanso malire oti mawu asakwere kupyola muyezo, kaya wokuwayo ndi ndani. Moni wa azakhali unayamba kutuluka bwinobwino mu emyuleta yoona ija.

Loweruka anapempha laputopu ya kalabu n'kukweranso kombi ya ku Chegutu.

"KHUTU LANGA LILI KUTI?" anafunsa agogo, Mwaiwathu asanakhale n'komwe pansi.

Mwaiwathu anawauza zonse mokuwa, mpaka oyandikana nawo anadziwa kuti bolodi inapita kwa mnyamata wa gitala. Agogo anakhumudwa, nkhope inagwa. "Ndiye anzanga kutchalitchi ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti mwala wogwedera tinaupeza, agogo. Koma ndabwera ndi kanthu."

Emyuleta imayenda pang'onopang'ono kuposa chipu, choncho sikanatha kukweza mawu pomwe munthu akuyankhula. Inkafuna mawu ojambula kale. Mwaiwathu anakokera azakhali kuseri kwa nyumba n'kuwapatsa foni.

"Tete, nenani kanthu kwa agogo, koma motsitsa."

"MOTSITSA BWANJI?"

"Ngati mukuyankhula ndi khanda."

Anayesa katatu, katatu konse nkhuku zinathawa. Azakhali anaseka mpaka kugwira khoma. Kenaka anayang'ana pansi, n'kunena mawu ochepa amene Mwaiwathu anachita kuwamvera pafupi.

Emyuleta itamaliza ntchito yake, Mwaiwathu anayamba wamvetsera yekha. Atatsimikiza, anaika hedifoni pa khutu lakumanja la agogo n'kudina batani.

"Ababa, ndine Sabina," anatero mawuwo mofatsa. "Sikuti ndimakukalipirani ayi. Ndimangofuna kuti mundimve."

Agogo Nowa sanagwedezeke. Anagwira hedifoni ndi manja awiri n'kuikanikiza kukhutu. "Bwereza," anatero. Mwaiwathu anabwereza.

"Awa ndi mawu a Enesi," anatero agogo. Enesi anali malemu akazi awo. "Sabina, kani umayankhula ngati amayi ako? Zaka zonsezi ine ndimayesa ndinabala kapitawo."

Azakhali anaseka uku akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Mwaiwathu anasangalala kwambiri moti za bolodi anaziiwala.

Chimwemwe chili pakati, foni yake inalira. Anali Tendai.

"Mwai, ndakhala ndikuopa kunena. Kudzanai sanaone mawu ofiira chifukwa ndinamupatsa kope langa lija kalekale. Pulogalamu yake yadzaza lamulo lomwe lija, ndipo loko sakumudziwa. Wanyamula bolodi kupita ku Mubaira, ku ukwati wa mlongo wake. Madzulo ano ailumikiza ku masipika akuluakulu a bandi. Foni yake sikupezeka."

Mwaiwathu anaimirira, laputopu ili kale m'manja. Anafotokozera agogo mwachangu, ulendo uno akukuwa kuposa azakhali. Agogo anamvetsa msanga. Analowa kuchipinda n'kutuluka akukankha njinga imene sankabwereka munthu aliyense.

"Kwera iyi mpaka pokwerera makombi a ku Mubaira, ukaisiye kwa wometa tsitsi wa pamenepo," anatero. "Thamanga, mdzukulu wanga. Mnzako watsika mumgodi asanamvepo kulira kwa mwala wogwedera."